Akapitawo Nampuluma ndi Amtengatenga a pa Mudi

Ponyani chikuni china mu uvunimo kuti njerwa zisapse mbali imodzi, ndiye musendere kuno kumene utsi sukubwera. Paja mwakhala mukundiseka kuti ndikamadutsa pa mlatho wa Mudi ndimavula chipewa pamene anthu onse amatseka mphuno. Lero mumve chifukwa chake. Si zoti ndinachita kumva kwa wina ayi. Ine Dafuleni ndinalipo.

Eni nkhaniyi ndi a Layisoni Nampuluma, kapitawo amene anandiphunzitsa kugwira mpeni womangira. Anali munthu wamtali, wouma thupi, wa mawu owerengeka. Khoma akangoliyang'ana ndi diso limodzi ankadziwiratu kuti lapendama, levulo yoyezera kuwongoka isanafike n'komwe. Pa ntchito ya matope ngati yathuyi iwo ankabwera ndi malaya osita, n'kuweruka nawo ali oyera. Sankatukwana munthu. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinawamva akuchinyoza ndi mtsinje wa Mudi. Sankautchula ndi dzina lomwe. Ankangoti "ngalande iyi."

Kunena zoona, masiku amenewo Mudi sunali wosiririka. Madzi ake anali bii, majumbo atakolekera m'bango lililonse, ndipo fungo linkayamba kukulonjera usanauone mtsinjewo. Ndiye kampani ina, dzina lake lilibe ntchito pano, inapeza malo kumunsi kwa msika wa Blantyre, pamene mtsinje umakhota ngati chigongono. Inkafuna kumangapo nyumba yosungiramo katundu, koma malowo anachepa. Nzeru yake inali yakuti tikumbe dzenje lalitali m'mbali mwa madzi, tiimikemo khoma la konkire, kenako pokhota ponsepo pakwiriridwe ndi dothi, mtsinje upanikizidwe uzidutsa pang'ono chabe. Pokhotapo panali thanthwe lalikulu losalala, ndi miyala ingapo yondondozana kuwoloka madzi. Zonsezo zinayenera kukwiririka.

Tinayamba mwezi wa June, chiperoni chili pachimake. Tinalipo khumi ndi awiri, kuphatikiza akapitawo. Mumadziwa mmene chiperoni chimachitira mu Blantyre: nkhungu imatsika kuchokera ku phiri la Soche n'kukhala m'tawuni tsiku lonse, kamvula kosanyowetsa kakuwaza, munthu ali apo iwe osamuona.

Sabata yachiwiri, Lachiwiri m'mawa, tinapeza mafosholo atatu ndi piki imodzi mulibe mu kontena imene tinkasungamo zida. Loko anali wokhoma bwinobwino. Mlonda analumbira, natchula ana ake onse mayina, kuti sanasunthe pakhomo pa kontenayo. A Nampuluma anali atayamba kale kumulembera kalata yomuneneza pamene wina anakuwa kuchokera kumadzi kuti tibwere tidzaone.

Zidazo zinali pa thanthwe paja. Wina anali atazitsuka mpaka simenti yakalekale ya m'mphepete kuchoka, n'kuzindanda bwinobwino, mipini yonse italoza mbali imodzi.

Tinaseka. "Wakuba uyu ndi waukhondo," anatero wina. Akapitawo sanaseke. Anangoti tinyamule tiyambe ntchito, nang'amba kalata ija.

Patapita masiku anayi zinali za maovolosi. Tinawasiya mu kontena ali matope okhaokha, koma m'mawa tinawapeza atayanikidwa pa thanthwe, ochapidwa, pa ngodya iliyonse atatsindikapo kamwala kuti mphepo isawaulutse. Wamkulu pa zaka pa gulu lathu anali Che Ndembo, Myao wa ku Chiradzulu, amene makutu awo anagontha ndi makina oswa miyala. Anatola ovolosi yawo n'kuinunkhiza, kenako anainunkhizanso. Nkhope inasintha.

"Sopo uyu ndinamusiya ndili mwana," anatero. "Sagulitsanso sopo ameneyu."

Tsiku limenelo palibe anaseka. Ena anakana kuvala, anagwira ntchito ndi zovala zawo zoyendera.

Kenako kunayamba phokoso. Linkabwera chakumasana ndithu, nthawi ya teni koloko, nkhungu ikakhuthala. Phwa! Phwa! Phwa! Ngati munthu akumenya chovala chonyowa pamwala. Poyamba mmodzi, kenako awiri, kenako ambiri, ndipo pansi pa phokosolo umamva ngati amayi akucheza motsitsa mawu, wina n'kuseka pang'ono. Mawu ake sumawagwira. A Nampuluma ankatsikirako ndi ndodo m'manja. Akafika pa thanthwe, zii. Akatembenuka kuti azibwerera, phwa! kumbuyo kwawo.

Chimene chinatiopsa kwambiri ndi Che Ndembo. Munthu amene hutala ya lole inkachita kumugunda ndi mphepo asanaimve, anaimika fosholo n'kupendeketsa mutu.

"Akuchapa ndani uko?" anafunsa.

Tsidya lina la mtsinje, moyang'anana ndi ife, kunali Abiti Sumani, mayi wonenepa wa mawu akuluakulu, amene ankagulitsa mbande za mitengo ndi maluwa m'machubu. Madzi othirira ankatunga pokhota pomwepo, choncho khoma lathu likanawathera bizinesi. A Nampuluma anaganiza kuti ndi iwowo amene akutuma anthu kuti atiopseze. Anandiuza ndiwaperekeze, tinawoloka pa miyala ija.

"Amayi, masewera mukuchitawa athe," anatero akapitawo. "Mukapitiriza ndikakunenezani."

Abiti Sumani anali akuthira dothi m'chubu. Anamaliza kaye, napukuta manja pa chitenje, n'kuwayang'ana kuyambira ku jombo mpaka ku chipewa.

"Masewera ake ati, bambo?"

"Kutiba zida. Kutichapira zovala."

"Ine ndichape maovolosi khumi ndi awiri ulele? Mwandiona bwino?" Anaseka mpaka mapewa kugwedezeka. Kenako anasiya kuseka, nayandikira. "Tadikirani. Chipumi ichi ndikuchidziwa. Si iwe Layisoni, mwana wa Mayi Elube a ku Ndirande, ochapa aja?"

Ndinacheukira akapitawo. Zaka zisanu ndi zitatu ndinali nawo, koma sanandiuzepo za kwawo.

"Ndiwe ndithu," anapitiriza mayiwo. "Unkagona pansi pa mkuyu unali apo, atakufunditsa thaulo la eni ake, amayi ako akumenya mabulangete a mabwana pa thanthwe ukufuna kukwiriralo. Ine ndinali mtsikana, ndinkawathandiza kufinya. Yunifolomu yako yoyamba inatuluka pamwala umenewo. Ndipo agogo ako aamuna, amene anabwera wapansi kuchokera kuseri kwa Mulanje, ukuganiza ankawolokera pati ndi mitolo ya azungu pamutu? Amtengatenga onse ochokera kumunsi ku Shire ankatula apa, kumwa, kusamba m'mapazi, ndiye n'kukwera mtunda. Tawuni yonseyi inamwa madzi pano isanadziwe kuti mpopi n'chiyani. Dongo la njerwa zoyamba analikanda ndi madzi omwewa. Chaka cha njala, amayi ankatsikira kuno kudzathyola ndiwo m'madimba, ana n'kupulumuka. Mtsinjewu sunabadwe wonunkha, Layisoni. Taununkhitsa ndife."

"Zakale zinapita, amayi," anatero a Nampuluma, mawu ali pansi. "Ine m'matopemo ndinatulukamo."

"Unatulukamo, eya. Nanga anakutulutsamo ndani?"

A Nampuluma anatembenuka. Tikuwoloka kubwerera anandiuza osandiyang'ana kuti, "Zimene wamvazi zithere pompano." Ndipo zinatheradi pompo, mpaka tsiku limene anadzazinena okha.

Chiperoni chinatha, kunabwera dzuwa ndi fumbi. Phokoso lija linasiya, mitima yathu n'kukhalako pansi. Koma ntchito sinkayenda. Dzenje tikakumba lero, mawa tipeza mwadzaza madzi oyera mbee, osiyana ndi a mumtsinje, ochokera pansi. Makina oswa miyala anabwera kawiri kudzaswa thanthwe, kawiri konse anathyoka mano. Mwini kontrakiti, bwana wina wamfupi wokonda magalasi akuda, ankabwera Lachisanu lililonse kudzakalipa.

Tsiku lina mu September, nthawi yoweruka, dzuwa lili lofiira ndi utsi wa malupsa, ine ndi akapitawo tinatsalira kuti tiyeze chingwe. Anzathu anali atapita. Tikukwera kanjira kopita kumsewu, tinangoona munthu ataima njo kutsogolo kwathu. Sitinamumve akubwera.

Anali wopanda nsapato, nsalu yakuda atakulunga m'chiuno, pamutu nkhata ndi mtolo waukulu wokutidwa ndi chiguduli. Mtolowo unkamuphimba nkhope ndi mthunzi, moti ndinangoona chibwano ndi thukuta likutsika pakhosi. Kumbuyo kwake, m'bango muja, munali ena. Anali pamzere, aliyense ndi mtolo wake. Ndinayesa kuwawerenga koma utsi unkawabisa, ndipo ndikafika pa wachisanu ndinkapeza ndayambiranso.

"Zikomo, eni ntchito," anatero munthuyo. Kalankhulidwe kake kanali kachikale, kokoka mawu. "Powolokera paja mwapasunthira kuti?"

Kumeneko n'kuti titaunjika dothi pa miyala itatu yoyambirira.

"Mlatho uli apo, achimwene," anatero a Nampuluma, akuloza. "Anthu amadutsa pamenepo."

Munthuyo anatembenuzira mutu kumene ankalozako, koma mmene anayang'anira zinali ngati palibe chilichonse, ngati akuona thengo. Pamlathopo n'kuti maminibasi akulizirana mahutala.

"Katunduyu ngolemera," anatero. "Tachoka naye kutali."

"Mukupita naye kuti?"

"Kumtunda. Akumanga mudzi kumeneko, akuti udzakhala waukulu." Anakonza mtolo pamutu. "Kodi unakula?"

A Nampuluma, sindidziwa mphamvu anazitenga kuti, anavula chipewa chawo cholimba chija n'kuchigwira pachifuwa.

"Unakula, bambo," anatero. "Unakula kwambiri."

"Chabwino," anatero munthuyo, ndipo ndinamva ngati mzere wonse wapumira limodzi. "Chabwino. Tidzadutsanso. Madzi akadali kutali."

Anatipatukira, natsikira kumtsinje mmodzimmodzi, bango osagwedezeka. Titayang'ana pansi, pa fumbi louma la September lija panali mapazi onyowa, zala zake zotakasuka ngati za anthu amene sanavalepo nsapato. Tinaima pomwepo mpaka anauma.

Kuyambira tsiku limenelo akapitawo anasintha. Nkhomaliro ankadyera pa thanthwe, okha, akuyang'ana madzi. Anatiuza tichotse dothi pa miyala itatu ija. Lachisanu lotsatira anatenga pulani n'kukaima pa galimoto ya bwana, ine ndili chapafupi ndikusakaniza matope.

"Bwana, khomali tikalibweza mamita atatu, nyumba ikwanabe. Mtsinje tiusiyire pokhota pake ndi powolokera."

"Powolokera ndani? Achule?"

"Madzi akadzabwera ambiri adzafuna njira yawo."

"A Nampuluma, ndinakulembani kuti muzimanga, osati muzilosera. Kangalande aka kakuopsani?"

Akapitawo anapinda pulani mwaulemu. "Si ngalande, bwana. Ndi Mudi."

Aka kanali koyamba kuwamva akutchula dzinalo.

Bwana anakana, ntchito inapitirira monga mwa pulani. Pofika kumapeto kwa November dzenje linali litatha, lakuya kuposa anthu awiri ataimirirana pamapewa, lalitali ngati mabasi atatu. Tinali titaluka zitsulo m'katimo ndi kukhoma matabwa. Makwerero analipo awiri okha, kumapeto uku ndi uku. Mvula inali isanagwe ndi dontho lomwe chaka chimenecho.

Tsiku lothira konkire linali Lachisanu. Dzuwa linali lowotcha, kumwamba kwa tawuni kopanda ndi kamtambo komwe. Lole ya konkire, yozungulira mimba ija, inafika itachedwa, chakuma wani koloko, ndipo bwana anabwera nayo limodzi. Konkire sadikira munthu, akachedwa amaumira m'lole momwemo, ndiye tonse khumi ndi mmodzi tinatsikira m'dzenje ndi mafosholo. Akapitawo anatsala pamwamba ndi wezulo wawo. Tili pansipo sitikanaona kuti pamwamba pa phiri la Ndirande, kumene mitsinje yothira mu Mudi imachokera, panali patakhala mtambo umodzi wakuda bii kuyambira m'mawa.

Choyamba chimene ndinazindikira ndi bata. Phokoso la msika, mahutala, wailesi ya ogulitsa makaseti, zonse zinangoti zii, ngati wina wanditseka makutu ndi manja. Kenako fungo: dothi lonyowa, utsi wa nkhuni, ndi sopo uja. Ndinayang'ana kumwamba ndipo ndinaona a Nampuluma ataima m'mphepete mwa dzenje, akuyang'ana kumtunda kwa mtsinje, kukamwa kuli yasa.

Zimene ankaona anadzandiuza pambuyo pake. Akuti anthu aja ankatsika mumtsinje momwemo, akuthamanga, ndipo ulendo uno analibe mitolo. Pakati pawo panali amayi, nsalu zonyowa zili pamapewa. Ine sindinawaone. Ndinangomva mawu a munthu wamkazi, osakuwa, ngati akulankhulira pakhutu panga pomwe, koma dzina linali la wina.

"Layisoni. Tulutsa anawo."

Wezulo analira katatu.

"Tulukani! Siyani zonse! Tulukani!"

"Mwapenga?" anakuwa bwana. "Konkire akuuma uyu! Aliyense abwerere pamalo pake!"

Tinaima kakasi, mafosholo m'manja, osadziwa womvera. Kumwamba kunali koyera. Mtsinje unali kamadzi kofika m'kakolo.

"A Nampuluma, mukatulutsa anthuwa ntchito yanu yathera pompano."

"Ithe," anatero akapitawo. Ndiye anatiyang'ana ife, ndipo munthu amene sindinamumvepo akukweza mawu anabangula. "Dafuleni! Ndati tulukani, ana inu!"

Tinataya mafosholo. Tinakwera makwerero aja mothinana, wina kuponda zala za mnzake. Nditafika pamwamba ndinamva chinthu kumtunda, ngati sitima ikubwera patali, pansi pakunjenjemera. Akapitawo ankatiwerenga potigwira paphewa mmodzimmodzi. Anafika pa khumi.

Che Ndembo anali pakati pa dzenje. Anaona anzawo akuthawa, nayesa kuthamanga, koma mwendo unalowa pakati pa zitsulo zolukana zija mpaka m'bondo. Ankakoka, osatheka. Anangotiyang'ana.

A Nampuluma anandipatsa chipewa chawo ngati akupita kukasamba, natsika makwerero. Ndinawagwira malaya, anandichotsa dzanja. Ndinawaona akuthamanga pamwamba pa zitsulo, akugwada, akulowetsa manja kuti amasule jombo. Pamenepo madzi anatulukira pokhota.

Abale anga, madzi amenewo sindidzawaiwala. Anabwera ataima ngati khoma, ofiira, atasenza mitengo, matayala, malata, ndi zinyalala zonse zimene tawuni inataya mumtsinjemo zaka ndi zaka. Anagunda matabwa athu kamodzi kokha, khuu! Dzenje lonse linadzaza ndisanaphethire. Pamene panali anthu awiri panangotsala thovu likuzungulira.

Tinathamangira kumunsi tikukuwa, poti munthu wotengedwa ndi madzi umamusaka kumunsi. Anthu anadzaza pamlatho. Ena mwa ife anali atayamba kale kulira maliro. Bwana anangokhala pansi pa dothi, magalasi ali m'manja. Kenako tinamva mawu a Abiti Sumani akuposa mkokomo wa madzi.

"Ali kuno! Bwerani kuno, ali kuno!"

Tinazungulira pamlatho n'kuthamangira tsidya lija. Tinawapeza atagona pakati pa machubu a mbande, pamtunda pouma, ndipo malowo anali kumtunda kwa dzenje lathu, osati kumunsi. Mapazi makumi atatu kumtunda, tsidya lina la madzi amene ankagubuduza mitengo. Inu mundiuze mmene munthu amakokolokera chokwera.

Onse awiri ankapuma. Che Ndembo mwendo umodzi unalibe jombo, wosupuka pang'ono basi. Pa mikono yawo, pamapewa, kumsana ndi m'miyendo panali zidindo za zala, zambirimbiri, zazikulu ndi zazing'ono. Sanali matope ofiira a chigumula ayi. Linali dongo lotuwa, loumbira njerwa.

"Munaona chiyani, amayi?" ndinafunsa Abiti Sumani.

"Ndinkathawitsa mbande zanga, nsana uli kumadzi," anatero. "Ndinangomva anthu ambiri akudutsa kumbuyo kwanga, akupuma mwamphamvu. Sindinacheuke. Amayi anga anandiphunzitsa kuti zoterozo sucheuka."

Che Ndembo ndi amene anayamba kudzuka. Analavula madzi, nayang'ana mikono yawo nthawi yaitali.

"Anatisenza," anatero. "Pamutu, ngati katundu. Ankapatsirana. Ndipo ankaimba nyimbo yoyendera, ndinaimva bwinobwino." Anatembenukira kwa akapitawo. "Wina anati, 'Uyu ngwathu, mdzukulu wa Nampuluma wamkulu. Musamugwetse.'"

A Nampuluma anakhala tsonga, malaya oyera aja atasanduka nsanza. Anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka, ndipo Abiti Sumani anavula mpango wawo n'kuwafunditsa ngati mwana.

Madzi anaphwa tsiku lachitatu. Chimene anasiya chinadabwitsa tawuni yonse. Dothi lathu lonse linali litapita, dzenje la khoma lija kunalibe, majumbo kunalibe. Pokhota paja panaoneka masitepe a njerwa zakale otsikira kumadzi, asanu ndi awiri, odyeka pakati chifukwa cha mapazi, amene ngakhale Abiti Sumani sankawadziwa. Miyala yowolokera inaonekera yonse, khumi ndi inayi. Ndipo kwa sabata yathunthu madzi a Mudi anayenda oyera, mchenga ukuoneka pansi. Anthu a m'maofesi ankatsika nthawi ya nkhomaliro ndi mataye awo kudzaona. Bambo wina wokalamba anabwera pa minibasi kuchokera ku Chilomoni, anavula nsapato, naima m'madzimo, misozi ikutsika, osauza munthu chifukwa chake.

Kalata yochotsa akapitawo ntchito inabwerabe. Anaiwerenga, naipinda kanayi, n'kuiika m'thumba. Kampani ija sinabwerenso pamalopo. Akuti akatswiri anaiuza kuti pansi pake pali akasupe ambiri. Ife khumi ndi mmodzi tinakana kugwira ndi kapitawo wina. Tinawatsatira a Nampuluma, n'kumapeza tintchito ting'onoting'ono m'makwalala, ndipo sitinagone ndi njala.

Loweruka lililonse masana ankatitengera pokhota paja. Tinakonza masitepe aja, njerwa imodzimodzi, osasintha kaikidwe ka eni ake. Tinalimbitsa miyala yowolokera. Abiti Sumani anapereka mbande za mikuyu ndi mibawa, amayi a mumsika anabwera ndi masaka kudzatola zinyalala, ndipo wotaya zonyansa pamenepo ankakumana ndi pakamwa pa Abiti, pamene palibe amene ankafuna kukumana napo kawiri. Mtsinje wonse sitikanautha, mukudziwa mmene ulili mpaka lero. Koma pokhota pathupo pankasiyana.

Anthu odutsa ankaima n'kufunsa kuti ntchitoyi watituma ndani. Tsiku lina anafunsa mnyamata wa kolala yoyera, chikwama cha laputopu kumsana. A Nampuluma anaimirira pa thanthwe, mpeni womangira m'manja.

"Palibe watituma, achimwene. Mayi anga ankachapa pamwala ndapondapa, zaka makumi awiri ndi zisanu. Agogo anga anawoloka apa ndi malata, misomali ndi mabelu pamutu. Nyumba zazitali mukuzionazo zili ndi mayina a eni ake pakhomo. Amene anazisenza mayina awo sanalembedwe paliponse. Ndiye ife tikukonza pakhomo pawo."

Anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi. Anadwala miyezi iwiri, namwalira kunyumba kwawo, ana awo ali pambali. Tinakawaika ku Ndirande, ndipo manda awo tinamanga ndife, chingwe chake chowongoka moti iwo omwe sakanapeza chonena.

Tsono mverani ichi, chifukwa sindinauzepo munthu kupatula mkazi wanga. July wathayu ndinali ndi ntchito ku Mandala, ndipo ndinati ndidulire pa miyala paja. Inali nthawi ya teni m'mawa, chiperoni chitatseka moti tsidya silinkaoneka. Nditatsika masitepe ndinamva kuti kutsogolo kukubwera anthu, kupuma kwa anthu olemedwa. Ndinapatuka, n'kuima pambali, maso pansi.

Anadutsa pafupi nane moti mphepo yawo inkandikhudza. Ndinkangoona mapazi. Opanda nsapato, opanda nsapato, ena a amuna, ena a akazi, onyowa, akukwera masitepe amene tinakonza aja mosapunthwa. Anadutsa ambiri, sindinawerenge. Womaliza pamzerewo anali atavala jombo.

Jombozo zinaima patsogolo panga. Mantha ndinalibe. Sindinadzutse mutu.

"Dafuleni."

"Wawa, akapitawo."

"Mwala wachitatu ukugwedera. Anthu akudutsa ndi katundu apa."

Jombo zija zinakwera masitepe, nkhungu n'kutseka. Nditapeza mphamvu ndinapita kukauponda mwalawo. Unkagwederadi, pang'ono kwambiri, moti munthu wamba sakanazindikira.

Ku Mandala sindinafikeko tsiku limenelo. Ndinabwerera kunyumba kukatenga theka la thumba la simenti ndi mpeni wanga, ndipo pofika masana mwala wachitatu unali utakhala gwa.